Abambo a panazale amene anandiletsa feteleza: ndemanga pa ntchito yotsitsimutsa zitsamba zowokeredwa ku Lilongwe

Mu Okutobala 2023 tinayamba kumanga mpanda wa njerwa kunyumba kwathu ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo amisiri atakoka chingwe zinaoneka kuti maziko adutsa pamene panali zitsamba zitatu zimene ndinali nditazisamalira kwa zaka 6, ziwiri za hibiscus wofiira ndi chimodzi cha bougainvillea. Amisiriwo anazizula ndi piki dzuwa lili paliwombo, n'kuzigoneka pansi mizu ili pamtetete dothi lonse litayoyoka, ndipo madzulo ake anazikwirira m'maenje amene anakumba mothamanga kuseri kwa khitchini. Ine ndinafika kuchokera kuntchito zonse zitatha kale. Pofuna kukonza zinthu ndinawonjezera zolakwa zanga ziwiri: ndinayamba kuthirira ndi paipi m'mawa ndi madzulo mpaka pansi kuchita matope, komanso ndinatapa Urea wotsala wa kumunda n'kumwaza m'tsinde mwa chitsamba chilichonse, poganiza kuti chofooka chimafuna chakudya. Patatha masiku anayi masamba a hibiscus anali lende ngati nsanza, ena atasanduka achikasu, ndipo bougainvillea anali atayamba kuyoyola masamba ake onse. Chaka chimenecho kunatentha koopsa, moti a zanyengo anachita kuchenjeza anthu, ndipo masana ku Lilongwe kutentha kunkapitirira madigiri 30.

Ndemanga ino ndi ya ntchito imene ndinalandira kwa abambo ena achikulire a nazale ya m'mbali mwa msewu, imodzi mwa nazale zambiri zimene zimayala machubu a mbande pansi pa mitengo mumzindawu. Sinditchula dzina lawo kapena malo enieni, chifukwa pambali pa zoyamikira ndili ndi madandaulo angapo. Ogulitsa ambiri a m'mbali mwa msewu ntchito yawo imathera pamene mbande yalowa m'galimoto, koma abambowa amavomeranso kupita kunyumba kwa munthu kukaona chomera chodwala. Tinagwirizana maulendo anayi m'miyezi iwiri, ine kulipira ulendo uliwonse paokha pamodzi ndi ya minibasi, ndipo mtengo wa ulendo umodzi unali pafupifupi wofanana ndi wa mbande zitatu zazikulu za hibiscus za panazale pawo pomwepo. Aliyense wodziwa kuwerengera aona kuti kugula zitsamba zatsopano kukanatsika mtengo. Iwo eni anandiuza zimenezi tisanagwirizane, ndipo ndinawerengera chilungamo chimenecho ngati chizindikiro chabwino choyamba. Koma mbande ya m'chubu imatenga zaka kuti ifike pamene zanga zinafika, ndipo ine ndinkafuna zomwezo.

Ulendo woyamba ndi umene unali woyenera ndalama zonse. Abambowa sanafike ndi mankhwala alionse, koma ndi khasu laling'ono, sizasi yodulira ndi mnyamata wowathandiza. Anayamba ndi kukanda khungwa la nthambi zingapo ndi chikhadabo, kuchokera kunsonga kutsikira kutsinde, n'kundionetsa kuti pansi pa khungwa panali pobiriwira ndi ponyowa, kutanthauza kuti zitsamba zonse zitatu zinali zamoyo ngakhale zinkaoneka zakufa. Nsonga zochepa zokha ndi zimene zinali zofiirira ndi zouma mpaka m'kati. Kenako anagwada n'kufukula dothi ndi manja, ndipo pamenepo anapeza zinthu zitatu zimene ine sindikanaziona: hibiscus mmodzi anakwiriridwa mozama kwambiri, tsinde litalowa pansi kupitirira chikhatho chathunthu kuchokera pamene linkalekezera kale, pansi pa mizu panali mphako za mpweya chifukwa amisiri anangoponyamo zibuma zosaphwanya, ndipo timibulu ta Urea tina tinali tisanasungunuke, titakhudzana ndi khungwa. Anandiyang'ana n'kunena modekha kuti, "Mayi, munthu amene wangotuluka kuchipatala sitimupatsa nsima yolimba ndi nyama. Timayamba ndi phala. Feteleza uyu achoke lero."

Mawu amenewo akulongosola bwino chimene chimachitika chitsamba chikazulidwa. Mizu ikuluikulu imene timaiona si imene imamwa madzi kwambiri. Ntchito yomwa imagwiridwa ndi timizu tating'onoting'ono ta kunsonga, tina tonga ubweya, ndipo timeneti ndi timene timatsala m'nthaka kapena kuuma m'kanthawi kochepa tikakhala padzuwa. Pamene timizuti tatayika, masamba amapitirizabe kutulutsa madzi ngati nthunzi kudzera m'timabowo tawo, makamaka kukatentha ndiponso kukawomba mphepo youma, choncho chomera chimataya madzi ambiri kuposa amene chingathe kumwa ngakhale dothi likhale lonyowa. Kufota ndi kuyoyola masamba ndi njira yake yodzitetezera, yochepetsa malo otayira madzi. Urea ali ndi nayitirojeni wokwana 46 peresenti, ndipo akasungunuka pafupi ndi mizu yovulala amachulukitsa mchere m'madzi a m'dothi, zimene zimachititsa kuti madzi avute kulowa m'mizu, nthawi zina n'kumatuluka kumene. Kuwonjezera apo, nayitirojeni amakankha chomera kuti chitulutse masamba atsopano pa nthawi imene chilibe mizu yowamwetsera. Abambowa anakokolola dothi lapamwamba lonse limene munali feteleza, n'kuthira ndowa ziwiri za madzi pachitsamba chilichonse kuti wotsalayo atsike kutali ndi mizu. Anandiletsanso CAN, NPK, ndowe zaziwisi za nkhuku, ngakhalenso manyowa a Mbeya amene ndinali nawo m'thumba, poti nawonso amasakanizidwa ndi feteleza wogula komanso phulusa. Munthu amene amagulitsa manyowa panazale pake akamakuletsa kugula manyowa, umadziwa kuti akulankhula monga mlimi osati monga wamalonda.

Hibiscus wokwiriridwa mozama uja anamuzulanso madzulo omwewo dzuwa litapendeka, ponena kuti m'masiku asanu mizu inali isanagwire, pomwe tsinde likakhala m'dothi lonyowa kwa miyezi limawola pang'onopang'ono. Anakulitsa dzenje m'mbali kuwirikiza kawiri, osalizamitsa, n'kudula bwinobwino ndi sizasi nsonga za mizu imene piki inaphwanya, chifukwa bala losalala limapola msanga kusiyana ndi lonyenyeka. Anabwezeramo dothi lomwelo atalifumbutsa, akuthira madzi pang'onopang'ono kuti dothi likhazikike lokha popanda kulipondaponda ndi mapazi. Bougainvillea anakana kumukhudza. Anati mizu yake ndi yopyapyala ndi yosachedwa kuthyoka, ndipo kumusuntha kachiwiri kukanakhala kumumaliza, choncho anangotseka mphako zija pothiramo dothi losungunula ndi madzi. Kusiyanitsa kumeneku, kudziwa chomera chimene chingapirire kuzulidwanso ndi chimene sichingapirire, ndi luso limene munthu sangalipeze pa chikalata cha botolo lililonse.

Za mthunzi anachita mosavuta ndi motsika mtengo. Panazale pawo amagulitsa neti yobiriwira ya mthunzi, koma anati pa zitsamba zitatu zokha n'kuwononga ndalama, ndipo m'malo mwake mnyamata uja anazika nsungwi zinayi pachitsamba chilichonse n'kuyala udzu wopyapyala pamwamba ndi kumbali ya kumadzulo, monga amachitira alimi pa nazale ya fodya kapena ya tomato. Dzuwa la m'mawa linkalowa, la masana ndi la kumadzulo linkatchingidwa, ndipo mphepo yotentha inkachepa mphamvu. Udzuwo tinkauchotsa pang'onopang'ono kuyambira sabata yachitatu.

Pa kathiriridwe ndi pamene ndinaphunzira kwambiri, ndipo ndi pamene ndinkakana kumva. Dothi la kwathu ndi katondo wofiira amene amasunga madzi nthawi yaitali, ndipo mizu imafuna mpweya monga momwe imafunira madzi. Dothi likakhala matope tsiku ndi tsiku mpweya umathawa, timizu tatsopano timene tikuyamba kumera timabanika n'kuwola, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti chomera chomizidwa chimafota mofanana ndendende ndi chomera chaludzu, moti mwini wake amaona kufotako n'kuwonjezeranso madzi. Abambowa anawumba kamkombero ka dothi kuzungulira chitsamba chilichonse kuti madzi asathawe, n'kulamula ndowa imodzi ya malita 20 pachitsamba, yothiridwa pang'onopang'ono m'mawa, kenako kudikira. Tsiku lothiriranso silinali la pa kalendala koma la chala: kupisa chala chamkombaphala m'dothi mpaka chonse chilowe, ndipo ngati kunsonga kukuzizira ndi kunyowa, ndowa ibwerere osathira. M'kutentha kwa Okutobala zimenezi zinkagwa pafupifupi kamodzi pa masiku atatu alionse. Anandiuzanso kuti ndisachite mantha masamba akagwa nkhope masana, koma ndiziwaona m'mamawa, popeza chitsamba chimene chadzuka chowongoka m'mawa chikupeza madzi okwanira. Kwa ife amene timalipira madzi a pampopi, malangizo amenewa anaonekeranso pa bilu ya mwezi wotsatira.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse. Choyamba ndi kadulidwe. Pa ulendo woyamba abambowa anadula mosamala: anachotsa maluwa ndi mphundu zonse za maluwa kuti mphamvu zisapite kumeneko, anachotsa nsonga zouma, ndipo anafupikitsa nthambi zazitali zochepa, zonse pamodzi zosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba. Koma pa ulendo wachiwiri sanabwere okha, anatuma mnyamata uja popanda kundidziwitsa, ndipo iye poona kuti hibiscus wachiwiri akuchedwa, anamusadza yense mpaka kufika m'mawondo ine ndili m'nyumba. Nditamufunsa anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, tikadula chonchi amaphukira ndi mphamvu." Maganizo amenewo ndi ofala, ndipo ali ndi mbali yoona, chifukwa masamba akachepa madzi otayika amachepanso. Koma masamba omwewo ndi amene amapanga chakudya chomangira mizu yatsopano, ndipo nsonga za nthambi zimapanga timadzi totchedwa auxin timene timatsikira pansi kukadzutsa mizu, choncho kudula mopyola muyezo kumalanda chomera zonse ziwiri. Mwa zitsamba zitatuzo, hibiscus wosadzidwayo ndi amene anavutika kwambiri, ndipo nthambi ziwiri mwa zisanu zimene zinatsala sizinaphukirenso. Abambowa atabwera pa ulendo wachitatu anapepesa, ndipo anam'dzudzula mnyamatayo pamaso panga mofatsa, komabe ndalama ya ulendo wachiwiri ndinali nditalipira yonse ngati kuti anabwera iwo eni.

Chachiwiri ndi nkhani ya chiswe. Anaphimbira pansi ndi udzu wouma ndi mapesi a chimanga odulidwa, wokhuthala ngati zala zinayi, ndipo kuphimbira kotere kunathandizadi kusunga chinyezi ndi kuziziritsa dothi. Koma aliyense wokhala ku Lilongwe amadziwa kuti mapesi ouma pa dothi lonyowa m'nyengo yotentha ndi kuitana chiswe, ndipo pasanathe masabata awiri chinali chitamanga njira zake za dothi kukwera patsinde la bougainvillea. Chiswe chimakonda chomera chofooka chimene chili ndi mbali zouma. Ndinachotsa ndekha mapesiwo, n'kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa tsinde ndi chophimbira, ndipo pambuyo pake ndinaika masamba owolerana a pansi pa mtengo wa mango. Abambowa anavomereza kuti ndinachita bwino, koma chenjezo limenelo ndinayenera kulimva kwa iwo tsiku loyamba, osati kulipeza ndekha.

Chachitatu ndi botolo. Pa ulendo wachitatu anabwera ndi madzi oderako m'botolo lakale la zakumwa, opanda chikalata chilichonse, amene anawatcha mankhwala a mizu, ndipo mtengo wake unali wofanana ndi wa ulendo wathunthu. Mankhwala enieni othandiza mbewu zowokeredwa alipo. Mwachitsanzo, Kelpak amapangidwa ku South Africa kuchokera ku zomera za m'nyanja yamchere zotchedwa Ecklonia maxima, ndipo alimi a mbewu zamasamba ndi zipatso amawagwiritsa ntchito powokera. Koma mankhwala otere amabwera ndi dzina la wopanga, mlingo wosungunulira ndi tsiku lothera mphamvu, zimene botolo la abambowa linalibe. Ndinagula chifukwa cha manyazi, poti munthu amene wakupulumutsira zomera n'kovuta kumukanira pamaso. Ndinathira pa hibiscus mmodzi yekha, ndipo sindinaone kusiyana kulikonse ndi mnzake. Zinandidabwitsa kuti munthu amene anandiletsa kugula neti ndi manyowa ndi yemweyo amene anandigulitsa madzi osadziwika, ndipo ndikulangiza aliyense wogwiritsa ntchito anthu otere kuti alipire nzeru ndi manja awo, koma botolo lopanda dzina alibweze mwaulemu.

Za nthawi ndi mtengo ndingonena mwachidule. Akanena kuti afika 8 koloko m'mawa ankafika dzuwa litakwera, ndipo kamodzi anasintha tsiku ine nditapempha kale chilolezo kuntchito. Mtengo wa maulendo awiri omaliza unakwera, koma pa ichi sindiwaimba mlandu, chifukwa kumayambiriro kwa Novembala 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti ndipo minibasi zinakwera mtengo nthawi yomweyo.

Zotsatira zake zinabwera mosiyanasiyana. Hibiscus amene anazulidwanso uja ndi amene anayamba kuonetsa timphukira tobiriwira m'mfundo za nthambi, m'sabata yachitatu. Bougainvillea anayoyola tsamba lililonse n'kuima mbulanda, minga yokhayokha, kwa masabata 6, ndipo kangapo konse amuna anga anafuna kumuzula kuti tibzalepo china. Nthawi iliyonse ndinkakanda khungwa monga abambo a nazale aja anandiphunzitsira, n'kupeza pobiriwira, ndipo abambowa ankangobwereza pafoni kuti, "Musiyeni, mayi, akugwira ntchito pansi." Anachepetsanso madzi ake kuposa a hibiscus, poti chitsamba chopanda masamba sichimwa kwambiri ndipo bougainvillea mwachibadwa sakonda chinyezi chosalekeza. Mvula itagwa mu Disembala anaphukira paliponse nthawi imodzi, timasamba tofiirira tating'ono kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Manyowa oyamba anandilola kuthira mu Januwale, masamba atsopano atakhwima, ndipo anali kompositi wowolerana bwino woyalidwa pamwamba, wosakumbiridwa pansi.

Chimene chinandichititsa kulemba ndemanga ino chinachitika mgwirizano wathu utatha kale. Mu Febuluwale 2024 mvula inadula kwa masabata angapo chifukwa cha El Niño, ng'amba yomwe ija imene inachititsa Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Ine ndinali nditasiya kuthirira poganiza kuti zitsambazo zachira ndipo ndi nthawi ya dzinja. Abambowa ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp, osafunsidwa ndiponso osalipiritsa, wondikumbutsa kuti masamba ambiri pamwamba satanthauza mizu yambiri pansi, ndipo kuti chitsamba chachikulu chowokeredwa chimafuna kuyang'aniridwa mpaka chitadutsa chilimwe chimodzi chathunthu pamalo atsopano. Nditapita kuseri kwa khitchini ndinapeza hibiscus wosadzidwa uja atayambanso kugwa nkhope m'mawa, ndipo ndowa inayambiranso ntchito tsiku lomwelo.

Ntchito yotereyi ndi yoyenera kwa munthu amene ali ndi chitsamba chachikulu chimene sangachipeze panazale, kapena chimene chili ndi mbiri m'banja. Kwa amene wafotetsa mbande ya m'chubu ya miyezi itatu, mthunzi wa udzu, chala m'dothi ndi kupirira n'zokwanira popanda kuitana munthu. Woitana abambo ngati amenewa agwirizane nawo poyambirira kuti abwera ndi ndani pa ulendo uliwonse, ndipo kuti nthambi isadulidwe mwini wake asanaone. Koma phindu lalikulu la munthu wotere lili pomuitana chitsamba chisanazulidwe, ndipo izi ndikuziona tsopano pa duranta wachikasu amene waima pamene tikufuna kuika geti. Abambowa anabwera masabata 8 tsiku losamutsa lisanafike, n'kuzungulira chitsambacho ndi fosholo yakuthwa, kudula mizu yotambalala pa mtunda wa phazi limodzi ndi theka kuchokera patsinde, kuti timizu tatsopano timere pafupi m'chibuma chimene chidzanyamulidwe. Dzenje latsopano lakumbidwa kale, chiguduli chokulungira chibumacho chili m'khitchini, ndipo tagwirizana kuti adzabwera iwo eni madzulo a tsiku la mitambo, mvula ikagwa kawiri kapena katatu n'kulowa pansi. Bougainvillea uja, amene amachita maluwa kwambiri m'chilimwe, wakwera kale pamwamba pa mpanda umene unamusamutsa, ndipo hibiscus wosadzidwayo akadali wopendekera mbali imodzi, kumene nthambi ziwiri zija zinafera.